Tchuthi Chikayandikira: Tikonze Zonse Kapena Tingonyamuka?

Sukulu zikatsekera kumapeto kwa chaka, m'makomo ambiri a ku Namacula, mumzinda wa Lichinga, mumabuka nkhani ya ulendo. Ena amafuna kutsikira kunyanja, ku Meponda kapena ku Metangula. Ena mtima uli kwa agogo ku Mandimba, pomwe ena akulakalaka kuwoloka malire kukacheza ndi abale ku Mangochi. Ndipo m'mabanja ambiri mumapezeka anthu a mitundu iwiri. Wina amakhala pansi ndi kope ndi cholembera, n'kulemba chilichonse, ngakhale ola lodyera nsima. Wina amangoti, "Tiyeni, zina tikazionera komweko." Mafunso otsatirawa akuunika mkangano umenewu potengera misewu, nyengo ndi moyo wa kuno ku Niassa.

Kodi chabwino n'chiti, kukonzeratu zonse kapena kungonyamuka?

Zinthu za paulendo zili pawiri. Pali zina zimene zikalakwika simungazikonze muli panjira. Izi ndi mapepala, ndalama yobwerera, nyengo imene mwasankha, thanzi la amene mukuyenda nawo, ndi kudziwitsa anthu amene akukakulandirani. Zimenezi zimafuna kuzimanga molimba musanakiye chitseko. Pali zinanso zimene zikasintha palibe chimawonongeka: ola lofikira, ndiwo za masana, m'bale amene muyambe kumuona, kapena ngati mugone usiku wina. Zimenezi zisiyeni zikhale zomasuka.

Chimene chimavuta n'chakuti ambiri timazitembenuza. Wokonda kulemba amathera mphamvu zake pa maola, zinthu zimene sangazilamule, n'kumapsa mtima ulendo wonse. Wokonda kungonyamuka amataya zonse pamodzi, n'kukazindikira ali pamalire kuti pasipoti inatha mphamvu. Onse awiri amabwerako atatopa kuposa mmene ananyamukira.

N'chifukwa chiyani ndandanda ya maola siyenda bwino kuno kwathu?

Chifukwa zoyendera zathu zambiri siziyendera wotchi. Chapa, minibasi yonyamula anthu, imanyamuka ikadzaza. Mungafike pokwerera 6 koloko m'mawa n'kunyamuka nthawi yomweyo, koma tsiku lina mungakhale maola awiri mukudikira anthu atatu otsala. Mmawa chapa imadzaza msanga. Dzuwa likapendeka, zochokera kunyanja kukwera ku Lichinga zimachepa, ndipo amene anawerengera kuti abwerera 4 koloko madzulo akhoza kugona kumene sanakonzekere.

Sitima ya panjanji nayo ili ndi zake. Njanji ya Cuamba kufika ku Lichinga, yotalika makilomita oposa 260, inatsegulidwanso mu 2016 itakonzedwa, ndipo inathandiza anthu ambiri. Koma sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse, choncho tsiku lonyamuka muyenera kukalifunsa kusiteshoni sabata yomweyo, osadalira zimene mnzanu anaona chaka chatha.

Panyanja ndiye wolamula ndi mphepo. Mwera ukawomba, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mabwato ndi maboti amakhala pagombe, ndipo woyendetsa wanzeru salola kukakamizidwa ndi munthu wothamanga. Ngakhale Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuchokera mu 1951, imafika mochedwa nthawi zina, ndipo nthawi zina imaima kuti ikonzedwe.

Misewu yasintha ndithu. Msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga tsopano ndi wa phula. Koma mukangopatuka kulowa m'misewu ya fumbi, monga wochokera ku Metangula kulowera kumpoto ku Cóbuè, mvula ya usiku umodzi ikhoza kusandutsa ulendo wa maola ochepa kukhala wa tsiku lathunthu. Amene walemba kuti 10 koloko akhala apa, 2 koloko akhala apo, wadzitchera yekha msampha.

Ngati zili choncho, bwanji osangonyamuka basi?

Chifukwa kumasuka kwa mlendo wosakonzekera pali wina amene amakulipira. Kuno kwathu tchuthi sichitanthauza kugona kuhotela. Ambiri timafikira kwa abale: kwa amalume, kwa azakhali, kwa apongozi. Banja la anthu asanu likatulukira madzulo popanda uthenga, amene amavutika ndi mayi wa pakhomopo. Iye ndiye ayambe kuthamanga kukabwereka ufa, kukasaka ndiwo, kusamutsa ana ake pamphasa kuti alendo agone. Sadzadandaula, pakuti mwambo wathu sulola kukwinyira mlendo nkhope, koma mtolowo wamugwera.

Taganiziraninso nthawi yake. Tchuthi chachitali cha sukulu m'Mozambique chimagwa mu Disembala ndi Januwale, miyezi imene kumudzi nkhokwe zimakhala zitatsika, chimanga chatsopano chisanache, ndipo anthu ali kalikiliki kupalira. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu umalimbikitsa wolandira kuti apirire, koma umamuuzanso mlendo kuti asakhalitse. Munthu amene amati "tikabwerako tikafuna" waiwala mbali yachiwiriyo.

Choncho imbani foni kukadali nthawi. Nenani kuti mukubwera angati, tsiku liti, ndipo mukhala masiku angati. Funsani kuti, "Amayi, tikutengereni chiyani?" Lichinga ndi kwawo kwa nyemba ndi mbatatesi, choncho thumba la nyemba, botolo la mafuta ophikira, sopo, shuga ndi mchere zimasintha mlendo kukhala wothandiza pakhomo. Kukonzekera kotereku n'kulemekeza eni khomo.

Ndi mapepala ati amene ayenera kukhala m'manja tisananyamuke?

Ulendo wa m'dziko mommuno umafuna chitupa cha unzika, chimene tonse timachitcha BI, ndipo chikhale chosatha mphamvu. Pamisewu ikuluikulu pamakhala apolisi, ndipo kusowa chitupa kumachedwetsa inu ndi onse amene mwakwera nawo. Ana amene alibe BI atengereni chikalata chawo cha kubadwa.

Ulendo wa ku Malawi umafuna pasipoti. Nzika za Mozambique ndi za Malawi sizifunika viza pa ulendo waufupi wokacheza, koma wa zolowa ndi zotuluka amadinda masiku amene mwaloledwa, ndipo kupyola masikuwo n'kulakwira lamulo. Yang'anani chidindocho musanachoke pa ofesi. Njira yodziwika kwa a ku Lichinga ndi ya ku Mandimba, kutulukira pa Chiponde n'kutsikira ku Mangochi kudzera ku Namwera. A ku Cuamba ndi ku Mecanhelas amadutsanso pa Entre Lagos kulowa ku Nayuchi. Malire satsegula usiku wonse, choncho konzani zofikapo dzuwa likadalipo.

Kumbukirani kuti chilumba cha Likoma, ngakhale chimaoneka pafupi mukaima ku Cóbuè, ndi dziko la Malawi. Amene akufuna kukaona tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, akuwoloka malire, ndipo ayenera kudinditsa pasipoti monga wina aliyense.

Pasipoti imapangidwa ku ofesi ya zolowa ndi zotuluka ya SENAMI, ndipo si chinthu chokafunsa Lachisanu pamene ulendo ndi Lolemba. Ngati mukutenga mwana amene si wanu, kapena kholo limodzi likutsala, funsani ku ofesi yomweyo za kalata ya chilolezo cha makolo. Safunsa anadya phula.

Nanga ndalama tiziwerengera motani, pamene mitengo imasinthasintha?

Gawani ndalama patatu: yopitira, yokadyera kumeneko, ndi yobwerera. Yobwererayo ikhale yoyamba kuikidwa padera, ndipo isakhudzidwe ngakhale chambo chitanunkhira bwanji pagombe. Anthu ambiri amene amavutika patchuthi amavutika pobwerera, pamene thumba lauma ndipo akuyamba kuimbira abale kuti awatumizire ya chapa. Pamwamba pa magawo atatuwo onjezerani ya usiku umodzi kapena awiri osayembekezereka.

M-Pesa ndi e-Mola zatipeputsira katundu, chifukwa simufunikanso kuyenda ndi ndalama zonse m'thumba. Komabe musaike chikhulupiriro chonse mufoni. Kumidzi ya m'mbali mwa nyanja netiweki imasowa malo ena, ejenti akhoza kukhala wopanda ndalama yokupatsani, ndipo batire limatha. Khalani ndi ndalama ina yogwirika, yosinthasintha, chifukwa kondakitala ndi mayi wogulitsa usipa sakhala ndi chenji cha ndalama yaikulu.

Opita ku Malawi asawerengere mitengo ya ulendo wapitawo. Mu Novembala 2023 boma la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu ndi ya maminibasi inasintha kwambiri. M'zaka zaposachedwapa dzikolo lakhalanso likusowa mafuta a galimoto nthawi ndi nthawi, ndipo mafuta akasowa mtengo wokwerera umakwera. Funsani m'bale amene ali kumeneko sabata yomwe mukunyamuka.

Chinthu china chimene makolo ambiri amachiiwala ndi Januwale. Chaka cha sukulu chikamayamba pamafunika yunifolomu, makope, nsapato ndi zina. Tchuthi chimene chadya ndalama ya sukulu chasiya ngongole pakhomo. Ngati ndalama siyikwana zonse ziwiri, fupikitsani ulendo.

Kodi nyengo yabwino yoyendera ndi iti?

Nyengo iliyonse ili ndi mtengo wake. Disembala ndi Januwale ana ali pakhomo ndipo abale ambiri amakumana, koma ndi nthawi ya mvula, ya matope, ya udzudzu wambiri, ndiponso zoyendera zimadzaza. Kuyambira Meyi mpaka Julayi anthu akolola, chakudya chilipo, misewu yauma, ndipo mlendo salemetsa pakhomo. Koma panyanja pamakhala mwera. Seputembala ndi Okutobala nyanja imakhala yabata masiku ambiri ndipo misewu imapitika, koma kunyanjako kumatentha zedi.

Lichinga ili pamwamba, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene nyanja yathu ili m'munsi kwambiri. Ulendo wa makilomita pafupifupi 60 kupita ku Meponda, kapena opitirira pang'ono 100 kupita ku Metangula, umakuchotsani m'chisanu n'kukuikani m'thukuta. Pobwerera zimatembenuka. Amene akuitana abale a ku Mangochi kapena a ku Nampula kuti adzacheze ku Namacula mu Juni awauziretu za majuzi ndi mabulangete, chifukwa kuzizira kwa kuno kumadzidzimutsa alendo.

Ngati cholinga n'chakuti ana akasewere ndi asuweni awo a ku Malawi, dziwani kuti kalendala ya sukulu ndi yosiyana. Kumeneko chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, tchuthi chachitali chimagwa cha mu Ogasiti, ndipo cha Khirisimasi n'chachifupi. Foni imodzi ingakupulumutseni kukafika pamene anzawowo abwerera kale m'kalasi.

Ogwira ntchito yolembedwa ali ndi mwayi wina. Lamulo la ntchito m'Mozambique limapatsa wantchito amene wakhazikika masiku 30 a tchuthi pachaka. Si nzeru kuwathira onse mu Disembala. Masiku angapo olumikizidwa ndi maholide a 25 Juni, 7 Seputembala, 25 Seputembala kapena 4 Okutobala amapereka ulendo wofewa, wa misewu youma.

Za thanzi tikonzekere chiyani, makamaka tikakhala ndi ana?

Pa nkhani iyi kungonyamuka n'kuika moyo pachiswe. Kunyanja kuli udzudzu wambiri kuposa kuno kumtunda, choncho neti ikhale m'chikwama, osayembekezera kuti eni khomo ali ndi yapadera. Mwana akatentha thupi muli kumeneko, kapena masiku ochepa mutabwerako, pitani naye kuchipatala akayezedwe malungo tsiku lomwelo.

Madzi akumwa asamalidwe. Mliri wa kolera umene unavuta dziko lino unayambira m'boma la Lago mu Seputembala 2022, n'kufikanso ku Lichinga. Wiritsani madzi kapena thiranimo mankhwala a Certeza, ndipo musadye zakudya zozizira zogulidwa panjira. Posambira pewani madzi odikha a m'mabango, kumene kumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ana asalowe m'nyanja popanda wamkulu woyang'anira, ndipo musakwere boti lodzaza mopyola muyezo ngakhale mutachedwa.

Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena otalikitsa moyo, atenge okwanira ulendo wonse ndi masiku ena owonjezera. Agogo kapena mayi woyembekezera akakhala paulendo, dziwiranitu kumene kuli chipatala chapafupi.

Kodi pali maulendo amene amafunadi kukonza chilichonse?

Alipo. Ulendo ukatalika, ukakhala wa ndalama zambiri, kapena ukalowa kumene kulibe anthu ambiri, mpata wongoyerekeza umachepa.

Maputo ili pa mtunda wa makilomita oposa 2,000 pamsewu. Wopita pa ndege ya LAM ayenera kugula tikiti msanga, makamaka nyengo ya zikondwerero, ndi kutsimikiza za nthawi tsiku loti mawa anyamuka. Ngati kumeneko kuli ukwati kapena mwambo wa omaliza maphunziro, fikani kudakali tsiku limodzi kapena awiri.

Nkhalango yotetezedwa ya Niassa, imene ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 42,000, ndi chuma cha chigawo chathu: kuli njovu, mikango, ndi mtsinje wa Lugenda. Koma si malo ongotulukira. Pamafunika galimoto yolimba, mafuta okwanira, malo ogona odziwika, ndi kulumikizana ndi oyang'anira nkhalangoyo. Pamwamba pa izi pali nkhani ya chitetezo. Zigawenga zinaukira midzi ya m'boma la Mecula kumapeto kwa 2021, ndipo mu Epulo 2025 zinaukiranso misasa ya m'nkhalangomo. Wofuna kupita kumeneko ayambe wamva kwa akuluakulu a boma.

Chimodzimodzi ulendo wa ku Matchedje, m'boma la Sanga kufupi ndi mtsinje wa Rovuma, kumene FRELIMO inachitira msonkhano wake waukulu wachiwiri mu 1968. Ndi malo oyenera kuti ana a sukulu akawaone, koma ndi kutali, ndipo ulendo wake umafuna nyengo ya chilimwe ndi galimoto yodalirika.

Nanga ubwino woyenda momasuka uli pati?

Uli pa zinthu zimene sizilembeka m'kope. Mwapita ku Metangula ndi cholinga chokasambira ku Chuanga, ndiye mwamva kuti kumudzi wapafupi kuli gule wa chioda kapena mganda madzulo ano. Mwafika ku Messumba kukaona mishoni yakale ya Anglican, ndiye mwakumana ndi mkulu wina amene akufotokoza mbiri ya malowo mokoma moti simukufuna kudzuka. Asodzi abwera ndi utaka wambiri ndipo pagombe pali chisangalalo. Agogo ayamba kufotokozera adzukulu za makolo awo, nkhani zimene mwina sadzazinenanso. Munthu womangidwa ndi ndandanda amayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Tiyeni, nthawi yatha," ndipo chimene anayendera chenichenicho amachisiya m'mbuyo.

Palinso kutopa kobwera chifukwa chofuna kuona zonse. Masiku anayi, koma mwalemba Meponda, Metangula, Cóbuè ndi Likoma. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Theka la tchuthi limathera mu chapa, ana akulira, akulu akukangana. Malo amodzi okhalako masiku atatu amapumitsa kuposa malo anayi ongodutsamo. Pa tsiku lililonse sankhani chinthu chimodzi chachikulu, ndipo tsiku limodzi pa ulendo wonse lisiyeni lopanda cholemba.

Bambo ndi mayi akasiyana maganizo pa nkhaniyi atani?

Agawane ntchito molingana ndi mphatso zawo. Wokonda kukonza atenge zonse za kunyumba musananyamuke: mapepala, ndalama, mankhwala, mafoni kwa abale, ndi amene atsale akuyang'anira nyumba, nkhuku ndi dimba. Mukafika, apumule, ndipo womasukayo atsogolere masikuwo. Aliyense akhale ndi gawo limene mnzake salowererapo.

Koma pakhale chilungamo. M'mabanja ambiri amene amati "zikaoneka komweko" ndi bambo, ndipo zimaonekadi chifukwa mayi anachapa, analongedza, anakazinga mtedza wa panjira ndi kubisa ndalama ina m'mpango. Kumasuka kotsamira pa thukuta la mnzako si kwabwino. Khalani pansi nonse, ana okulirapo akhalepo, aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akufunitsitsa pa ulendowo. Zinthu zimenezo zikakwaniritsidwa, zotsalazo zisakukanganitseni.

Ulendo ukasokonekera panjira, tichite chiyani?

Choyamba, musalimbane ndi zimene simungazisinthe. Mlatho ukasefukira, dikirani madzi aphwe. Woyendetsa boti akati lero sitiwoloka, mumvereni. Mdima ukakugwerani, gonani pomwepo m'malo mokwera galimoto iliyonse yodutsa usiku. Dziwitsani a kunyumba ndi a kumene mukupita kuti muli pati. Pa chifukwa chimenechi lembani manambala awiri kapena atatu papepala, foni ikazima musasowe pogwira.

Chachiwiri, siyani mpata kumapeto. Musabwerere Lamlungu madzulo pamene ntchito kapena sukulu ikuyamba Lolemba. Zionetsero zimene zinatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 zinatseka misewu m'madera ambiri a dziko lino, ndipo anthu apaulendo anakhala masiku osawakonzekera. Mvula, maliro a mwadzidzidzi kapena galimoto yowonongeka zimachitanso chimodzimodzi. Tsiku limodzi la mpata ndi ndalama ya usiku wowonjezera ndizo zimathandiza munthu kudekha zinthu zikasintha.

Kodi amene alibe ndalama zambiri angakhale ndi tchuthi chenicheni?

Angakhale nacho, ndipo kwa iye kukonzekera n'kofunika koposa, chifukwa alibe ndalama yogulira njira ina zikavuta. Mabanja awiri kapena atatu a ku Namacula akhoza kusonkherana pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, n'kupita limodzi ku Meponda mmawa, atanyamula chakudya chawo, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Mumzinda muno muli ana ambiri amene anabadwira makilomita 60 okha kuchokera kunyanja koma sanaionepo. Tsiku limodzi lotero lidzakhala m'mitima mwawo zaka zambiri.

Owerenga okondedwa, musanayambe ulendo wa chaka chino tsimikizani zinthu zisanu: mapepala ali bwino, ndalama yobwerera ili padera, nyengo mwaiganizira, mankhwala ndi neti zili m'chikwama, ndipo okulandirani akudziwa tsiku lofika ndi lochoka. Zimenezi zikatheka, tsekani kope, nyamukani, ndipo mukapeze nthawi yokhala ndi anthu amene mwawayendera.